Sikelo ya Nandolo ndi Nthawi Yoitanira Kompyuta

Pa tchuthi chachitali cha chaka chatha ndinapeza ganyu kwathu kwa Kadewere, m'boma la Chiradzulu. Wamalonda wina anatsegula malo ogulira nandolo pafupi ndi msika, ndipo ankafuna munthu wodziwa kulemba ndi kugwiritsa ntchito kompyuta. Ntchito yake sinali yovuta. Mlimi akaika thumba pa sikelo, ine ndinkadina batani, kompyuta n'kutenga kulemera kwa thumbalo, n'kuwerengera ndalama, n'kutulutsa lisiti. Sikeloyo inali yamagetsi, ndipo inalumikizidwa ku kompyuta yakale ya Windows XP ndi waya wotuwa wokhala ndi mutu wa timabowo 9.

Tsiku lina lamsika, anthu atachuluka, kunabwera mayi wina wachikulire wa m'mudzi mwathu ndi thumba limene mdzukulu wawo anakweza pa njinga. Lisiti litatuluka ndinawawerengera mokweza monga mwa nthawi zonse: makilogalamu 8.5. Mayiwo anandiyang'ana kwa kanthawi, kenaka anati, "Mwana wanga, thumba lapinda njinga njira yonseyi, ndiye ukuti makilo eyiti?" Nditasuzumira pa galasi la sikelo ndinapeza 48.5. Anthu anali atayamba kale kung'ung'udza. Kwathu alimi akhala akudandaula za masikelo a mavenda kwa zaka zambiri, kotero palibe amene anaganiza za waya kapena kompyuta. Onse, kuphatikizapo bwana anga, ankayang'ana ine.

Madzulo ake ndinaimbira msuweni wanga amene amakonza makompyuta ku Limbe, ndipo anabwera Loweruka. Zimene anandifotokozera, pamodzi ndi zimene ndinawerenga nditabwerera kusukulu, ndizo ndikufuna kulongosola m'nkhani ino. Ena angadabwe kuti nkhani ya mawaya ikufunanji m'buku la ophunzira ziyankhulo. Ine ndikuona kuti vuto limene linatigwera linali vuto la womvera: kodi womvera wotanganidwa atembenuke kangati kuti amve zimene akuuzidwa, nanga mawu angamudikire nthawi yaitali bwanji asanatayike?

M'mene zilembo zimayendera pa waya

Polowera waya wa timabowo 9 uja pamatchedwa serial port. Malamulo ake, otchedwa RS-232, anakhazikitsidwa ku America mu 1960, ndipo mpaka lero masikelo ambiri, makina oyezera magazi ndi zipangizo za m'mafakitale zimawatsatirabe. Uthenga umayenda pa waya mmodzi, kachidutswa kamodzi pambuyo pa kanzake, monga anthu powoloka mtsinje pa mlatho wa mtengo umodzi. Tizidutswati timatchedwa ma bit. Chilembo chimodzi chimatenga ma bit 8, ndipo kawirikawiri pamawonjezedwa awiri: yoyamba yochenjeza kuti chilembo chikubwera, yomaliza yotsekera. Onse pamodzi ndi 10. Sikelo yathu inkatumiza ma bit 9,600 pa sekondi. Tikagawa ndi 10 tikupeza zilembo 960 pa sekondi, kutanthauza kuti chilembo chilichonse chinkatenga milisekondi imodzi ndi kachidutswa. Milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi.

Mkati mwa kompyuta muli kachipangizo kotchedwa UART. Ntchito yake ndi kutola ma bit aja pamene akufika ndi kuwamanga kukhala zilembo. Koma UART siwerengera ndalama, ndipo sidziwa kuti 48.5 ndi nandolo. Iyenera kupereka zilembozo kwa purosesa, yomwe ili ngati mwini nyumba, ndipo mwini nyumbayu ali ndi ntchito zina zambirimbiri. Pali njira ziwiri. Purosesa ikhoza kumapita pakhomo pafupipafupi kukaona ngati pafika kanthu, koma maulendo ambiri ipitako pachabe. Njira ina ndi yakuti UART iziitana yokha ikakhala ndi kanthu. Akatswiri amatcha kuitanaku interrupt, mawu amene m'Chichewa tikanati kudula mawu. Purosesa ikaitanidwa imasiya chimene inkachita, imasunga pamene inalekezera, imapatsa mpata pulogalamu yaing'ono yotchedwa driver kuti itole zilembo, kenaka imabwerera ku ntchito yake.

Aliyense amene analembapo chimangirizo m'chipinda cha ku hositelo akudziwa mtengo wa kuitanidwa. Mnzako akagogoda kuti abwereke machesi, kumupatsa machesiwo sikutenga nthawi. Chimene chimapweteka ndi kufunafuna pamene unalekezera ganizo lako. Purosesa nayonso imalipira mtengo wotere pa kuitana kulikonse, kaya yabwerako ndi chilembo chimodzi kaya ndi khumi.

Kompyuta ya IBM PC, imene inatuluka mu 1981, inkagwiritsa ntchito UART yotchedwa 8250, yopangidwa ndi kampani ya National Semiconductor. Imeneyi inkasunga chilembo chimodzi chokha. Motero chilembo chilichonse chinali kuitana kwakekwake, ndipo purosesa ikachedwa pang'ono, chilembo chatsopano chinkafufuta chakale. Pa liwiro lochepa izi sizinkavuta. Koma mamodemu, makina otumizira uthenga pa waya wa telefoni, anayamba kuthamanga chaka ndi chaka. Aphunzitsi athu ena akukumbukira nthawi imeneyo, pakuti makalata oyamba apakompyuta kuno kwathu anayamba kuyenda pa mamodemu otere ku Chancellor College ku Zomba mu 1993, pa ntchito imene anatsogolera Dr Paulos Nyirenda. Pa liwiro la ma bit 115,200 pa sekondi, purosesa ikanaitanidwa ka 11,520 pa sekondi iliyonse. Makompyuta a masiku amenewo ankalephera, ndipo zilembo zinkatayika.

Yankho linabwera mu 1987 ndi UART yotchedwa 16550. Yoyambayo inali ndi chilema, koma yotsatira yake, 16550A, inagwira bwino ntchito ndipo inafalikira paliponse. M'kati mwake anaikamo kankhokwe kosunga zilembo 16, kamene chilembo choyamba kulowa ndicho choyamba kutuluka. Tsopano UART inatha kudikira kuti zilembo ziunjikane isanaitane. Koma zichuluke bwanji? Opanga anapereka milingo inayi yoti driver asankhepo: kuitana pakafika chilembo 1, zilembo 4, zilembo 8 kapena 14.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Minibasi ndi kabaza

Msuweni wanga anandifanizira ndi ulendo wa ku Limbe. Kabaza amanyamuka akapeza munthu mmodzi. Sudikira, koma kuti anthu 14 afike pafunika maulendo 14. Minibasi imadikira kuti idzaze. Mafuta amagawanika pa anthu ambiri, koma amene anakwera moyamba amatuwa ndi kudikira pa siteji. Mlingo wa 1 ndi kabaza, mlingo wa 14 ndi minibasi.

Fanizoli n'labwino koma lili ndi malire, ndipo malire akewo ndiwo anatipweteka ife. Minibasi ikadzaza, wobwera mochedwa amadikira ina. Zilembo sizidikira. Kankhokwe kakadzaza purosesa isanabwere, zilembo zimene zikufika zimangotayika, ndipo sikelo imapitiriza kulankhula osadziwa kuti palibe akuimva. Choncho mlingo woitanira umalamula zinthu zitatu nthawi imodzi: kuchuluka kwa maulendo a purosesa, nthawi imene chilembo choyamba chidikire, ndi mpata umene purosesa yatsala nawo ikaitanidwa kuti ifike zinthu zisanawonongeke.

Tiyeni tiwerengere pa liwiro la sikelo yathu, zilembo 960 pa sekondi. Pa mlingo wa 1, purosesa ikhoza kuitanidwa mpaka ka 960 pa sekondi, koma ikaitanidwa m'kankhokwe mwatsala malo 15, ndiye kuti ili ndi mamilisekondi oposa 15 oti ifike. Pa mlingo wa 4, maulendo atsika kufika pa 240, ndipo mpata ndi mamilisekondi 12 ndi theka. Pa mlingo wa 8, maulendo ndi 120, mpata ndi mamilisekondi 8. Pa mlingo wa 14, maulendo ndi pafupifupi 69 okha, koma malo otsala ndi awiri, mamilisekondi awiri basi. Taonani kuti phindu likunka lichepa pamene ngozi ikunka ikula. Kuchoka pa 1 kupita pa 4 kwapulumutsa maulendo 720. Kuchoka pa 8 kupita pa 14 kwapulumutsa 51 okha, koma kwadya magawo atatu mwa anayi a mpata umene unalipo. Pa liwiro la 115,200 malo awiri aja amadzaza m'nthawi yosakwana gawo limodzi mwa magawo asanu a milisekondi.

Pali funso lina limene ndinafunsa msuweni wanga iye asanafikepo. Nanga zitafika zilembo zitatu zokha, mlingo uli pa 8, kenaka wolankhulayo n'kukhala chete? Kodi zilembozo zigona m'kankhokwe mpaka mawa? Opanga 16550 anaganizirapo. Ngati m'kankhokwe muli kanthu, ndipo papita nthawi yokwana zilembo zinayi popanda chatsopano kufika kapena purosesa kudzatenga, UART imaitana ngakhale mlingo usanakwane. Ndi kondakitala amene waona kuti pamsewu pati zii, n'kuuza dalaivala kuti tiyeni tizipita ndi omwewa.

Koma kudikira zilembo zinayi kumatalika liwiro likakhala lochepa. Mbewa za kompyuta zakale zinkalumikizidwa pa serial port pa liwiro la 1,200, ndipo zambiri zinkatumiza zilembo zitatuzitatu. Zitatu sizikwana mlingo wa 4, kotero uthenga uliwonse ukanadikira mamilisekondi pafupifupi 30, ndipo dzanja la munthu limamva kuchedwa kotere. N'chifukwa chake driver wa Linux, amene mwa nthawi zonse amaika 16550A pa mlingo wa 8, amatsitsa yekha mlingowo kufika pa 1 liwiro likakhala lochepera 2,400. Pa liwiro lotere maulendo ndi ochepa kale, ndiye palibe choti n'kupulumutsa. Kuyambira mu 2014 Linux inapatsanso mwini kompyuta njira yosinthira yekha mlingowu. Makompyuta ambiri a masiku ano alibe serial port, ndipo anthu amagula kawaya kolumikizira ku USB. Funso lija silinathe, langosamuka. Timawaya ta kampani ya FTDI timadikira mamilisekondi 16 tisanatumize zilembo zochepa zimene tasunga, ndipo wofuna changu amatsitsa nambalayi mpaka pa 1.

Chimene chinachitika kwa Kadewere

Msuweni wanga atatsegula pamene Windows imasinthira za serial port, anapeza mlingo uli pa 14. Sikelo yathu inkatumiza mzere wa zilembo 18 mobwerezabwereza osapuma, ndipo pakati pa mzerewo panali nambala yolembedwa chonchi: 0048.50. Masiku opanda anthu zonse zinkayenda bwino. Tsiku lamsika ndinkadina batani la thumba latsopano makina osindikizira akutulutsabe lisiti la munthu wapitayo. Malinga ndi msuweni wanga, driver wa makina osindikizirawo ankagwira purosesa kwa mamilisekondi angapo osailola kuyankha wina aliyense. Kupitirira mamilisekondi awiri kunali kokwanira kuti chilembo chimodzi kapena ziwiri zigwe. Popeza mizere inkatsatana osapuma, chilembo chogwacho chinkatha kukhala pena paliponse.

Malamulo a RS-232 ali ndi mawaya ena awiri, RTS ndi CTS, amene wolandira angagwiritse ntchito kunena kuti tadikirani kaye. Titamasula mutu wa waya wathu tinapezamo timawaya titatu tokha: kotumizira, kolandirira ndi kapansi. Kompyuta inalibe pakamwa poti n'kuimitsira sikelo.

Usiku umenewo ndinakhala pansi n'kuyamba kuchotsa zilembo mu 0048.50 chimodzichimodzi. Ikagwa ziro yakutsogolo, palibe chisintha. Ikagwa 4, patsala 8.5, ndipo mlimi aliyense akana. Ikagwa 8, patsala 4.5, akananso. Kakagwa kadontho, nambala ikhala 4850, ndipo bwana akanadumpha pampando ndalama zisanatuluke m'thumba. Koma ikagwa 5, patsala 48.0. Theka la kilogalamu lapita, lisiti likuoneka labwinobwino, ndipo mwini nandolo apita kwawo osadandaula. Chimenechi chinandisowetsa tulo kuposa manyazi a tsiku lamsika lija.

Apa wophunzira ziyankhulo ali ndi choti anene. Chiyankhulo cha anthu chimabwereza zinthu mwadala. Claude Shannon, mu 1948, anayerekeza kuti pafupifupi theka la zilembo za m'Chingerezi cholembedwa munthu akhoza kuzilosera poona zinzake. M'Chichewa kubwerezaku kumaonekera poyera m'mgwirizano wa mayina. Ndikanena kuti chimanga changa chonse chauma, gulu la dzinalo lamveka kanayi, ndipo mphepo ikaba phatikizo limodzi womvera amabwezeretsa yekha. Nambala ilibe chifundo chotere. Chilembo chilichonse chimanyamula katundu wakewake, ndipo palibe mnzake womuchitira umboni. Paja pa cheke timalemba ndalama kawiri, m'manambala ndi m'mawu.

Womasulira wa kutchalitchi

Fanizo limene ine ndimalikonda kuposa la minibasi ndi la womasulira. Kwathu kukabwera mlaliki wolankhula Chingerezi, pamaimirira munthu pambali pake kuti azimasulira. Mlaliki wina amaima pakatha mawu awiri kapena atatu alionse. Ulaliki umadukaduka, mpingo umatopa, ndipo womasulira amavutika pa chifukwa china chimene ife a galamala timachidziwa bwino. M'Chingerezi mfotokozi amabwera dzina lisanafike, pamene m'Chichewa amatsatira dzina ndipo amatenga mgwirizano wake. Womasulira akamva mawu a Chingerezi onena za ukulu, sanganene wamkulu, chachikulu kapena lalikulu asanamve ngati akukamba za munthu, chitseko kapena phiri. Kuitanidwa msanga kotere kumangomutayitsa nthawi. Mlaliki wina amatengeka, n'kulankhula ndime yathunthu osapuma. Womasulira akapatsidwa mpata amagwira chiyambi ndi mathero, zapakati zagwa. Mpingo sudziwa kuti zagwa, pakuti zimene wamva zikumveka bwino, monga lisiti la 48.0 lija.

Kusiyana kwake n'kwakuti womasulira waluso amadziwa pamene ganizo lathera, ndipo akaona kuti mutu wadzaza amakweza dzanja kapena kutsokomola. UART simva tanthauzo. Ili ndi zida ziwiri zokha: kuwerenga zilembo ndi kumvetsera chete. Komabe chida chachiwirichi si chachilendo kwa ife. Harvey Sacks, Emanuel Schegloff ndi Gail Jefferson, mu 1974, anafotokoza m'mene anthu amapatsirana mpata pokambirana. Mu 2009 Tanya Stivers ndi anzake anayeza nthawi imene imapita pakati pa funso ndi yankho m'ziyankhulo 10, ndipo anapeza kuti mwa chiwerengero chapakati ndi mamilisekondi pafupifupi 200. Olankhula Chijapani ankayankha msanga kwambiri, pamene olankhula chiyankhulo cha ku Denmark ankatenga pafupifupi theka la sekondi. Gulu lililonse lili ndi muyeso wake wa chete amene amatanthauza kuti ndamaliza, lankhula iwe.

Makina ena amadalira chete m'njira yomweyi. Njira yolankhulirana ya Modbus, imene kampani ya Modicon inayambitsa mu 1979 ndipo ikugwirabe ntchito m'mafakitale, ili ndi mtundu wotchedwa RTU umene umazindikira mathero a uthenga poona chete wotalika ngati zilembo zitatu ndi theka. Tsono UART ikamaunjika zilembo n'kumazipereka m'magulu, driver saonanso bwino pamene panali chete weniweni. Mauthenga awiri akhoza kumatirirana, kapena umodzi kuduka pakati. Amisiri a makina otere kawirikawiri amatsitsa mlingo kufika pa 1, n'kulola purosesa ivutike ndi maulendo, chifukwa kwa iwo nthawi imene chilembo chafikira ndi mbali ya tanthauzo lake. Munthu wokopera fayilo yaikulu pa waya yemweyo angasankhe mlingo wokwera, poti kwa iye chilembo kuchedwa pang'ono si kanthu bola zonse zifike. Wolemba driver sadziwa kuti pa wayapo padzalumikizidwa modemu, mbewa kapena sikelo ya nandolo, ndipo ndikuganiza kuti n'chifukwa chake a Linux anasankha 8, pakatikati. Ine ndikanakhala woweruza ndikanati 14 inali yoyenera m'zaka zimene purosesa inali yofooka ndipo ulendo uliwonse unali wodula. Pa kompyuta imene imachita zinthu mamiliyoni mazanamazana pa sekondi, kuumira maulendo 51 n'kutaya mpata wa mamilisekondi 6 ndi malonda oluza.

Msuweni wanga anatsitsa mlingo kuchoka pa 14 kufika pa 4. Maulendo anakwera kuchoka pa 69 kufika pa 240 pa sekondi, ndipo kompyutayo sinaonetse n'komwe kuti yamva kulemera. Tinayesa dala kupima matumba makina osindikizira akulira, maulendo ambirimbiri, ndipo manambala onse anagwirizana ndi a pa galasi. Iye anawauzanso bwana kuti mankhwala enieni ndi akuti pulogalamu yowerengera ndalama iziwerenga kaye ngati mzere uli ndi zilembo 18 zonse, ndipo wopereweza iziutaya n'kudikira wotsatira, poti mizere imafika yoposa 50 pa sekondi. Bwana anayesa kuimbira munthu amene anawalembera pulogalamuyo, koma nambala yake sinkagwiranso.

Mayi aja analandira ndalama zawo za makilogalamu 48.5 tsiku lomwelo la phokoso. Sabata yotsatira anabweranso ndi thumba lina laling'ono. Nditatambasula dzanja kuti nding'ambe lisiti, iwo anati, "Iyayi mwana wanga, werenga pagalasipo, za papepala uwerenge pambuyo." Ndinawerenga pa galasi, kenaka pa pepala, ndipo anthu amene anali pamzere anayamba kupempha chimodzimodzi. Madzulo ake ndinapempha bwana kuti tikankhe tebulo ndi kutembenuza galasi la sikelo kuti liziyang'ana kumene kumaima alimi. Anadandaula kuti waya ndi wamfupi, koma titasuntha kompyuta pang'ono unafika.